Mwana amuletsa tirigu, nanga apongozi a ku Ibadan akabwera tidzadya chiyani?

Funso

Zikomo. Ndine Mmalawi, kwathu ndi ku Nkhotakota koma ndimakhala ku Johannesburg. Ndinakwatiwa ndi mwamuna wa ku Nigeria, kwawo ku Ibadan. Mwana wathu wamkazi wa zaka 8 wavutika nthawi yaitali ndi m'mimba: kutupa, kutsegula, thupi osakwera. Mwezi wathawu madokotala atamuyeza anati ali ndi matenda a coeliac, ndipo asadyenso chilichonse cha tirigu moyo wake wonse. Pakhomo pathu semo, buledi ndi puff-puff (mandasi a kwawoko) sizisowa. Apongozi anga akubwera mu Disembala kudzakhala nafe miyezi itatu, ndipo ndi munthu woti kukhitchini salola kukhala mlendo. Kodi pa zakudya za kwawoko zilipo zoti tingadye tonse pamodzi ndi mwanayu, kapena ndizimuphikira mphika wakewake?

Mayi wa ana awiri, Johannesburg

Yankho

Mayi, pepani ndi matenda a mwanayo, koma mtima ukhale m'malo. Mukanakhala kuti munakwatiwa ku Italy, kumene m'mawa ndi buledi, masana pasta, madzulonso pasta yemweyo, ndikanakuuzani kuti mumange chitenje m'chiuno chifukwa ntchito ilipo. Koma ku Ibadan? Munagwera pabwino. Mphika wa agogo ake a mwanayo unakhazikika pa chilazi, chinangwa, chimanga, khobwe, nthochi zophika, mafuta ofiira ndi masamba, ndipo mwa zonsezi palibe n'chimodzi chomwe chokhala ndi gluten. Za mphika wapadera musayambe. Mwana wa zaka 8 akamadya zakezake pambali anzake akupisa m'mbale imodzi amadziona ngati wosalidwa, ndipo tsiku lina mudzamupeza ali kuseri kwa chitseko, buledi ali kukamwa. Kuli bwino banja lonse lisinthe chakudya cha masana ndi madzulo, ndipo muona kuti zosintha zake n'zochepa.

Gluten ndi puloteni yopezeka mu tirigu, balere ndi mbewu ina ya kumayiko ozizira yotchedwa rye. Ndi imene imachititsa kuti ufa wa mandasi ukaukanda uzitamuka ngati labala. Mwa munthu wa coeliac, chitetezo cha m'thupi chikakumana nayo chimatembenukira timinofu ting'onoting'ono ta m'matumbo aang'ono, timene timayamwa chakudya, n'kutiwononga. N'chifukwa chake mwana amadya koma osakula, magazi n'kumachepa. Kungochepetsa tirigu sikuthandiza. Kuti chakudya chilembedwe kuti chilibe gluten, muyeso wovomerezeka m'mayiko ambiri ndi wosapitirira mamiligalamu 20 pa kilogalamu yathunthu, kutanthauza kuti nyenyeswa zotsalira pa mpeni wodulira buledi n'zokwanira kumuvulaza, ngakhale tsiku limenelo asadandaule kanthu. Matendawa amayenda m'magazi: mwa abale enieni a wodwala, pafupifupi mmodzi mwa khumi amapezeka nawo. Ndiye inu, bambo ake ndi mwana winayo kayezetseni, ndipo mupite mukudyabe tirigu monga mwa masiku onse, chifukwa mukayamba mwamusiya zotsatira zimatha kunama.

Tirigu ndi mlendo kumwera kwa Nigeria. Sakonda kutentha ndi chinyontho cha kumeneko, ndipo wambiri amabwera pa sitima zapamadzi. Boma la dzikolo linaletsapo kuitanitsa tirigu kuchokera kunja kuyambira 1987 mpaka 1992. Ophika buledi analira, koma mphika wa amala, nsima yawo ya chilazi, sunadziwe n'komwe kuti kwachitika kanthu. Kumpoto kwa Ahausa ndiye kuli zakudya zakale ndithu za tirigu, monga gurasa wa ku Kano, alkaki ndi taliya, choncho musamangoti chilichonse chachikhalidwe n'chabwino. Koma kwa Ayoruba, mtundu wa apongozi anu, tirigu analowera mu buledi, mu zokazinga za pamsewu ndi m'mapaketi a m'sitolo. Nkhondo yanu ili m'malo atatu amenewa.

Tiyambe ndi semo, poti ndiye wakhala pa tebulo panu. Ambiri amapusitsika naye chifukwa akaomoledwa amayera ngati nsima ya ufa woyera. Koma semo ndi semolina, ndipo semolina ndi tirigu weniweni wogayidwa mokhakhala. Achoke m'nyumba. Achoke naye limodzi ufa uja wofiirira wa tirigu umene ena amavundula ngati nsima n'kumati ndi wabwino kwa odwala shuga, komanso couscous wa m'mapaketi. Zakudya zonse zovundula zodyera msuzi, Ayoruba amazitcha okele, ndipo semo ndi wamng'ono pa zonsezo, wabwera dzulodzuloli. Akuluakulu ake ndi amala, iyan ndi eba.

Amala ndi kunyada kwa Ibadan, ndipo apongozi anu akamva kuti mwachotsa semo n'kuika amala, sindikukhulupirira kuti angadandaule. Alipo wamitundu iwiri yodziwika kwambiri. Wakuda uja amachokera ku elubo, ufa wa chilazi chodulidwa, kufutsidwa pang'ono n'kuyanikidwa. Kuda kwake kumabwera poyanikapo. Woyera amachokera ku lafun, ufa wa chinangwa choviika m'madzi masiku angapo, kuyanika n'kusinja. Mwamva bwino? Inu a ku Nkhotakota, lafun ameneyu ndi ufa wa kondowole basi, wangosintha dzina. Ngakhale kaphikidwe n'kamodzi. Madzi abwate kwambiri, muchepetse moto kapena muphule, muthire ufa wambiri nthawi imodzi osati mowazawaza ngati wa mgaiwa, kenako muvundule mwamphamvu ndi mofulumira, mukukokera mthiko kukhoma la poto kuti mibulu iphwanyike. Pa makapu awiri a madzi yambani ndi kapu imodzi ya ufa. Ukagwirana, dontheretsani madzi otentha pang'ono m'mbali, vindikirani mphindi ziwiri pa moto wochepa kuti nthunzi ipsereze, muvundulenso mpaka asalale. Amayi a ku Ibadan amatsitsa poto pansi n'kumupana ndi mapazi povundula, monga momwe amachitira amayi a kunyanja. Tsiku loyamba ndikuona zimenezi ndinaseka ndekha, ndinangoti mtunda wonsewu koma mapazi ake ndi omwewo.

Eba ndiye chakudya cha tsiku lotopa, chifukwa ufa wake, wotchedwa garri, unapsa kale. Garri amapangidwa ndi chinangwa chokwechesa, kuchiika m'thumba n'kuchitsendereza ndi miyala masiku angapo kuti madzi atuluke chiwawase, kenako kuchisefa n'kuchikazinga pa chiwaya chachikulu mpaka chiume gwa. Wachikasu amakhala atathiridwa mafuta ofiira. Wa ku Ijebu ndi wosalala komanso wowawasa kwambiri. Thirani madzi obwata makapu awiri m'mbale yakuya, muwaze garri pamwamba mozungulira mpaka madzi onse aphimbike, pafupifupi kapu imodzi, mudikire mphindi imodzi kenako mutembenuze ndi mthiko. Basi. Madzi akakhala ofunda chabe eba amatuluka wa mchengamchenga, wosagwirana, ndipo palibe chomukonzera.

Iyan ndi chilazi chophika chosinja mumtondo chikadali chotentha mpaka chizitamuka. Ndi chakudya cha ulemu, cha mlendo wofunika. M'mafulati a ku Johannesburg munsi ukhoza kukuyambanitsani ndi okhala pansi panu, choncho ambiri amagula ufa wa m'paketi wotchedwa poundo. Apa werengani zolembedwa kuseri, chifukwa opanga ena amasakaniza ndi ufa wa mbewu zina. Chimodzimodzi ndi ufa wa fufu wa m'mabokosi. Fufu weniweni wa ku Ghana ndi chinangwa ndi nthochi zosinjira pamodzi, wa ku Nigeria ndi chinangwa chowawasa, ndipo onse awiri alibe vuto. Tsiku limene zonsezi zasowa, phikani nsima yathu yomweyi. Ahausa amaidya, amaitcha tuwo masara, ndipo imayenda bwinobwino ndi egusi, ndiwo yawo ya nthanga zopera, kaya apongozi akwinya pamphumi kaya ayi.

Kwa owerenga amene ali kumudzi ndipo akufuna kudzipangira okha ufa wa chinangwa kapena garri: chinangwa chowawa chili ndi poizoni wa cyanide, ndipo kuviika, kufinya ndi kuyanika kuja ndi kumene kumamuchotsa. Musadule masiku chifukwa cha changu. Ku Nampula, ku Mozambique, m'chilala cha 1981 anthu ambiri anapuwala miyendo chifukwa chodya chinangwa chowawa chosakonzedwa mokwanira. Agogo athu poviika masiku anayi kapena asanu mpaka chifewe ankadziwa chimene ankachita.

Tsopano ndiwo. Mbale yotchuka ya ku Ibadan ndi abula: amala pakati, ewedu mbali ina, gbegiri mbali ina, msuzi wofiira wa tsabola ndi nyama pamwamba. Mayinawa asakuopseni. Ewedu ndi denje, therere lathu lomwe lija. Amaliphika mphindi zochepa m'madzi pang'ono, ena n'kuthira kaun, mchere wa m'nthaka umene umagwira ntchito ya chidulo kapena soda, kenako amalipukusa ndi katsache kakang'ono kotchedwa ijabe mpaka litelereke. Gbegiri ndi chipere: khobwe kapena nyemba zochotsa makoko, kuphika mpaka zisungunuke, kusefa, n'kuthira mafuta ofiira, tsabola ndi nsomba youma yopera. Efo riro nthawi zambiri ndi bonongwe wokazingira mu tsabola ndi mafuta ofiira. Therere lobala amalitcha ila. Ndikutchula zonsezi kuti muone kuti dzanja lanu likudziwa kale theka la khitchini ya apongozi anu. Chosiyana n'chakuti iwo amachulutsa mafuta, tsabola ndi nsomba youma pamene ife timadalira tomato ndi nsinjiro.

Egusi ndiye ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa ndi ndiwo yopatsa thanzi mwana amene akufunika kubwezeretsa thupi. Ndi nthanga za chomera cha mtundu wa mavwende, chimene chipatso chake n'chowawa koma nthangazo zili ndi mafuta ndi puloteni yambiri. Gulani zosapera n'kupera nokha, chifukwa simudziwa kuti chigayo cha wogulitsa chinagaya chiyani chisanafike pa egusi. Kumudzi kumene egusi sapezeka, nthanga za maungu zosenda zimalowa m'malo mwake bwino ndithu. Yambani ndi kuwiritsa nyama ndi anyezi ndi mchere, msuziwo musunge. Perani tsabola wofiira wamkulu wosawawa awiri, anyezi mmodzi ndi tsabola wowawa mmodzi kapena awiri. Ata rodo wawo ndi pachibale ndi kambuzi wathu, fungo lake n'lofanana. Sungunulani theka la kapu ya mafuta ofiira, amene ku Karonga amati mawese, pa moto wapakati, osawasiya mpaka afuke. Kazingani tsabola uja mphindi khumi mpaka mafuta ayandame. Pamenepo thirani msuzi wa nyama makapu awiri, nyamayo, ndi nsomba yowamba yochotsa minga. Mlamba wowamba ndi woyenera kwambiri. Makapu awiri a egusi wopera muwakande ndi anyezi wopera ndi madzi pang'ono akhale ngati chiponde cholimba, kenako muzitapa ndi supuni n'kumaponya mu msuzi wobwatawo. Vindikirani, ndipo kwa mphindi khumi dzanja likhale kutali ndi mthiko. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: akavundula msanga egusi amasanduka phala, pamene Ayoruba amafuna timibulu tofewa ngati mazira okazinga. Pakatha mphindi khumizo vundulani mofatsa, muphikenso mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu mpaka fungo la uwisi lithe, mafuta atulukire pamwamba. Masamba amalowa kumapeto, mphindi zisanu zokha: sipinachi, bonongwe kapena nkhwani.

Mwaona kuti sindinatchule timakyubu tokometsera ndiwo? Ndachita dala. M'khitchini zambiri za ku West Africa, kuyambira ku Dakar mpaka ku Lagos, palibe poto amene amaphulidwa popanda kakyubu kamodzi kapena tiwiri, ndipo dzanja limafikako lokha munthu osaganiza. Ena mwa makyubu amenewa ali ndi tirigu, ena alibe, ndipo dzina limodzi lomwelo likhoza kukhala ndi zosakaniza zosiyana malinga ndi dziko limene apangira. Ndiye musaloweze dzina, werengani paketi iliyonse. Ku South Africa malamulo amakakamiza opanga zakudya kulemba ngati muli tirigu kapena gluten, koma zobwera m'masutikesi n'kumagulitsidwa zomasula sizikhala ndi cholembedwa chilichonse. Chomwechonso ndi supu wa m'mapaketi amene timakonda kulimbitsira msuzi, curry wotchipa amene ena amamuchulukitsa ndi ufa, soy sauce wothira mu mpunga wokazinga, masoseji ndi polony.

Makyubu asanabwere ankakometsa ndi iru, ndipo mpaka lero amene amadziwa kuphika sanamusiye. Ndi nthanga za mtengo wotchedwa Parkia biglobosa, zowiritsa n'kuzisiya zivunde masiku angapo. Ahausa amati dawadawa, ku Mali ndi ku Burkina Faso soumbala, ku Senegal netetou. Mtengowu ndi pachibale ndi mkundi umene umamera m'mbali mwa mitsinje kwathu. Ndikuchenjezeni: tsiku loyamba kutsegula kapaketi ka iru mudzaganiza kuti mwagula zoola. Limbani mtima, tsukuluzani supuni imodzi, muponye mu mafuta limodzi ndi anyezi. Fungo lija limazimirira, n'kutsala kukoma kozama kumene kyubu imangoyerekeza. Mnzake wa iru ndi tinkhanu touma timene iwo amati crayfish, topera. Kumene sitipezeka, kazingani usipa wouma kapena kapenta pa chiwaya chopanda mafuta mpaka akhale khirichikhirichi, musinje, musunge m'botolo. Masupuni awiri mu egusi kapena mu denje, simudzafunsanso za kyubu.

Chovuta kwambiri kwa mwana sichikhala chakudya cha madzulo koma cha m'mawa ndi chonyamula kusukulu, poti malo amenewa buledi anawalanda. Apa khobwe ndiye mpulumutsi wanu. Akara ndi zitumbuwa za khobwe, zopanda ufa ngakhale pang'ono. Ahausa amati kosai, ku Ghana koose, ndipo akapolo anapita nazo mpaka ku Bahia, ku Brazil, kumene lero amati acarajé. Viikani makapu awiri a khobwe wa diso lakuda kwa mphindi khumi zokha, mutikite m'manja makoko asupuke, mudzaze madzi m'beseni makoko ayandame, muwatsanule. Mubwereza kangapo, ndi ntchito yofanana ndi ya chipere, ndipo ana amaikonda. Mukhoza kusenda wambiri tsiku limodzi n'kusunga mufiriji mouma. Khobwe woyerayo mumuviikenso ola limodzi, kenako mupere ndi anyezi theka ndi tsabola, madzi ochepetsetsa ongoti makina azungulire.

Ine akara anandichititsapo manyazi. Ndinapera bwinobwino, ndinathira mchere, n'kuyamba kuponya m'mafuta. Zina zinamwazika ngati mchenga, zina zinamira n'kutuluka zolimba zoti ukhoza kugenda nazo galu. Mayi wina wachiyoruba amene tinkakhala moyandikana anabwera atamva fungo, anapisa chala mu phalalo, anapukusa mutu osanena kanthu. Anatenga mthiko n'kuyamba kumenya phala lija mozungulira mbali imodzi, dzanja likuthamanga, mphindi zisanu kapena kuposa, mpaka linayera n'kufufuma pafupifupi kuwirikiza. Anadontheza pang'ono m'kapu ya madzi, kanayandama. Ndi pamene analankhula: chofufumitsa akara ndi mpweya umene walowa pomenya, mulibe yisiti mulibe soda. Madzi akachuluka zimamwazika, ukapanda kumenya zimamira, ndipo mchere umalowa pomaliza penipeni, mafuta atatentha kale, chifukwa ukathira msanga phala limagwa. Mafuta akhale akuya, supuni imodzi imodzi, mphindi ziwiri kapena zitatu mbali iliyonse.

Ku Nigeria akara ndi chakudya cha Loweruka m'mawa, amadyera ogi, phala losalala lowawasa la chimanga choviika masiku awiri kapena atatu, kupera chonyowa, kusefa n'kusiya chidikhe. Ena amapana akara mu buledi wa Agege. Chizolowezi chimenecho ndicho bambo ake a mwana adzafunika kuchisiya pamaso pake. Phala lomwelo la khobwe mukalisungunula pang'ono ndi msuzi, kuthira mafuta, tsabola wofiira, nsomba kapena dzira lophika, n'kuliphika ndi nthunzi pafupifupi mphindi 45, limakhala moin moin. Kwawo amakulunga m'masamba otambalala. Masamba a nthochi owaula pamoto monga timachitira ndi mkate amagwira ntchito, ngakhalenso timakapu tachitsulo. Moin moin amadyeka wozizira, satayikira m'chikwama, ndipo amakhutitsa mpaka kuweruka. Pa zonyamula kusukulu ine ndimamuika patsogolo.

Jollof ndi mpunga, ndiye palibe choopa kupatula kyubu ndi curry zija. Muzu wake uli ku Senegal kwa Awolof, kumene mpunga wa nsomba wotchedwa ceebu jën unalembedwa ndi UNESCO mu 2021 ngati chuma cha chikhalidwe, koma zimenezi musakazinene pamaso pa apongozi tsiku loyamba. Chinsinsi chake chili pawiri. Choyamba, tomato, tsabola wofiira ndi anyezi zoperazo muziwiritse kaye madzi aphwe, ndipo tomato wa m'chitini mumukazinge m'mafuta mpaka ade pang'ono, kuwawasa kuthe. Chachiwiri, mpunga upse ndi nthunzi osati ndi madzi: pa makapu atatu a mpunga wotsuka, msuzi ungofika pamwamba pa mpungawo osaumiza, muphimbe ndi foyilo musanavindikire, moto wochepa, theka la ola osatsegulatsegula. Anthu a ku Nigeria amakonda mpunga wautali wofutsa, wosamatana. Kilombero wathu amanunkhira bwino koma amafewa msanga, choncho muchepetsenso madzi. Pansi pakapserera musachite manyazi ngati mmene tinaleredwera. Kwa iwo fungo la utsi lochokera ku nkhoko ndilo limasiyanitsa jollof wa paphwando ndi wa tsiku wamba.

Mukafuna kutuluka m'malire a Nigeria, njira ndi yotakata. Maafe wa ku Mali ndi Senegal, amene ku Gambia amati domoda, ndi nyama yophikira mu chiponde ndi tomato, ndipo Mmalawi wozolowera kutendera sangaone chachilendo; mungosankha mtedza wopanda chuku. Ku Sierra Leone amatamanda chigwada ndi kholowa zophikira mafuta ofiira. Ku Côte d'Ivoire kuli attiéké, wooneka ngati couscous koma ndi chinangwa chokhachokha. Fonio, imene ku Nigeria amati acha, ndi kambewu kakang'ono kolimidwa kwambiri ku mapiri a Fouta Djallon ku Guinea. Imapsa m'mphindi zisanu ndipo ndi imene ingatseke dzenje losiyidwa ndi couscous. Ku Ghana kuli banku, kenkey ndi red red, zonse zabwino. Waakye, mpunga ndi nyemba, payekha alibe vuto koma ogulitsa amaikapo supageti pamwamba, ndipo kungomuchotsa ndi supuni sikokwanira. Yassa, ndiwo ya nkhuku kapena nsomba ya ku Casamance ku Senegal, amafuna mpiru wa m'botolo (mustard), ndipo ena mwa mabotolo amenewa ali ndi ufa wa tirigu.

Khitchini nayo isinthe pang'ono. Mthiko umene wavundula semo zaka zonsezi uli ndi ming'alu yosatsukika, gulani watsopano, pamodzi ndi sefa ndi thabwa lodulirapo. Ngati buledi atsalabe m'nyumba chifukwa cha ena, akhale ndi kabati yake, mpeni wake, ndipo mwana akhale ndi botolo lakelake la majarini ndi chiponde. Mafuta amene akazinga puff-puff, chin chin (tizidutswa ta ufa wa tirigu) kapena nkhuku yopaka ufa asakazingenso dodo, nthochi zokazinga za mwana. Pa chifukwa chomwechi, zokazinga za pamsewu muzizikayikira ngakhale zili za chilazi kapena nthochi. Suya ndi nyama yootcha yopaka yaji, ufa wa mtedza wofinya mafuta, jinja ndi tsabola, koma okonza ambiri amasinjiramo makyubu, ndiye ndi bwino kusakaniza yaji wanu. Ku maphwando awo akuluakulu otchedwa owambe mwana apite atadya kale, ndi kambale kake m'chikwama. Zakumwa zakuda zotsekemera za malt, zimene mlendo aliyense amalandiridwa nazo ndipo ana amapatsidwa ngati zopatsa magazi, nthawi zambiri zimakhala za balere. M'malo mwake wiritsani zobo, amene ndi chidede chathu chofiira chija, ndi jinja ndi makoko a chinanazi.

Pa puff-puff sindikunamizani. Ndi mandasi a tirigu ndi yisiti, ndipo kutamuka kwake kuja ndi gluten yeniyeniyo. Ufa wosakaniza wopanda gluten wa m'masitolo akuluakulu umatulutsa kanthu kozungulira kotsekemera, kodyeka kakadali kotentha, koma kakazizira kamauma, mtengo wake n'kukhala wowawa. Ine ndimaona kuti kupatsa mwana chithunzi cha chimene wataya kumangomukumbutsa. Mpatseni zina zokoma pazokha: dodo, nthochi zakupsa zokazinga, dundun, chilazi chokazinga, ojojo, tizitumbuwa ta chilazi cha madzi chokwechesa, kelewele wa ku Ghana wa jinja ndi tsabola, masa wa Ahausa wa mpunga wofufumitsa. Ndipo musaiwale kuti mwanayo ndi wa ku Nkhotakota mbali inayo. Zitumbuwa za nthochi ndi ufa wa mgaiwa, zokazingira m'mafuta atsopano, zilibe tirigu chiyambire.

Za apongozi, nkhaniyi isayambe ndi inu. Amuna anu awaimbire foni asananyamuke, awafotokozere m'chiyoruba, momveka kuti ndi lamulo la dokotala osati maganizo a mkamwana. Agogo onse, a ku Ibadan ndi a ku Nkhotakota omwe, ali ndi mawu amodzi: kakang'ono sikapha. Amanena chifukwa cha chikondi, ndipo bisiketi wobisa m'chikwama amachokera ku chikondi chomwecho, choncho afunika amve kuti pa matenda awa kakang'onoko ndi kamene kamabwezera chilonda m'matumbo. Akafika, mugwade powalonjera monga mwa mwambo wawo, umene ndi wathunso, kenako muwapemphe kuti akuphunzitseni kuphika monga ankaphikira amayi awo makyubu ndi semo zisanabwere. Palibe gogo amene amakana pempho lotere. Ndipo poti adzafunsa chonyamula, auzeni elubo wogayitsa pa chigayo chosagaya tirigu, kapena zidutswa za chilazi chouma zosagaya, egusi wosapera, iru wouma, ndi katsache ka ijabe. Za crayfish ndi nsomba zouma ayambe afunsa malamulo a pabwalo la ndege, chifukwa zanyama ndi zansomba amatha kulanda polowa. Zikakanika, masitolo a anthu a ku West Africa a ku Yeoville, mu Johannesburg momwemo, amakhala nazo.